Nkhanu ya miyendo italiitali ndi mayina ake atatu

Tsiku lina Lachisanu, belu lomaliza litangolira, mtsikana wina wa Giredi 11 anatsalira m'kalasi n'kubwera pa tebulo langa atagwira foni ya amayi ake. Pa foniyo panali chithunzi chomwe chinkazungulira pa WhatsApp sabata imeneyo: bambo wina ataimirira, atanyamula chinthu chofiirira cha miyendo italiitali yoposa msinkhu wake. "Aphunzitsi, tiweruzeni," anatero mwanayo. "Kunyumba takangana mpaka nsima kuzizira. Amalume akuti ndi kangaude wa m'madzi, agogo akuti anthu angopanga pa kompyuta, ine ndikuti ndi nkhanu."

Ndinamuuza kuti awerenge miyendo. Anaika chala pagalasi n'kuyamba kuwerenga, ndipo atafika pa eyiti anaima, akuoneka ngati wagonja kwa amalume ake. Ndinamulozera mikono iwiri yakutsogolo ija, ya zopanira kumapeto. Khumi. Kangaude ali ndi miyendo isanu ndi itatu, alibe tinyanga pamutu, ndipo amapuma mpweya wa kumtunda. Nkhanu ili ndi miyendo khumi ukaphatikiza ya zopanira, ndipo ndi chifukwa chake asayansi amaiika m'gulu la Decapoda, mawu a Chigiriki otanthauza mapazi khumi. Mlandu wa kunyumba kwawo unathera pomwepo. Koma pansi pa chithunzicho panali mzere wina umene unamukodola: Macrocheira kaempferi (Temminck, 1836). Anafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, makamaka dzina la munthu ndi chaka zotsekeredwa m'mabulaketi. Funso limenelo linatitengera masana onse, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndililembe kuti enanso amve.

Cholengedwacho chilipodi, agogo aja asakayike. Chimakhala m'nyanja yamchere ya Pacific kufupi ndi Japan, makamaka kum'mwera kwa chilumba cha Honshu, m'malo monga Suruga Bay ndi Sagami Bay, pansi pa madzi akuya mamita oyambira 50 mpaka 600. Yamphongo yaikulu ikatambasula mikono, kuchoka pa chopanira ichi kufika pa chinacho imakwana mamita 3.7. M'zipinda zambiri zimene timachita lendi ku Matero kapena ku Kalingalinga singatambasuke yonse. Chodabwitsa n'chakuti thupi lenilenilo si lalikulu kwenikweni: chigoba chake chimafika masentimita 40 m'lifupi, ndipo kulemera kwake kumalekeza pa makilogalamu 19, osafika n'komwe pa thumba la ufa la makilogalamu 25. Anthu a ku Japan amaitcha takaashigani, kutanthauza nkhanu ya miyendo yaitali. Angelezi amaitcha spider crab, Afalansa nkhanu zamtunduwu amazitcha araignée de mer, kangaude wa m'nyanja. Choncho amalume aja sanali okha. Diso la munthu kulikonse likaona kathupi kozungulira pakati pa miyendo yoonda, limakumbuka kangaude.

Vuto la mayina a tsiku ndi tsiku lagona pomwepo: amatsata maonekedwe ndi ntchito ya chinthu, osati chibale chake. Sindikuwanyoza ayi. Mayi wogulitsa pa Soweto Market akati kapenta, aliyense amamva, ndipo ndiwo zimagulidwa. Koma mu nyanja ya Tanganyika kapenta ndi nsomba ziwiri zosiyana, Limnothrissa miodon ndi Stolothrissa tanganicae, ndipo imene anakaiika mu Kariba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kukhazikika ndi yoyambayo. Wogula sasowa kudziwa zimenezi. Amene akuwerengera nsomba zotsala m'nyanja kuti adziwe ngati tikupha mopyola muyeso, ayenera kudziwa, apo ayi awerengera nsomba ziwiri ngati imodzi.

Njira ya mayina awiri imene timaphunzitsa m'kalasi inakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden. Kwa nyama, chiyambi chake chimawerengedwa kuchokera pa 1 January 1758, chaka chimene buku lake la Systema Naturae linasindikizidwa kachikhumi. Dzina loyamba ndi genus, gulu la zamoyo zapachibale chapafupi. Lachiwiri ndi la species, mtundu weniweni wa chamoyocho. Ine ndimawauza ana kuti aganize za kaundula wa kalasi, momwe timayamba ndi Phiri kapena Tembo kenako dzina la mwana. Linnaeus anatenga nkhanu zonse zimene ankazidziwa, pamodzi ndi abale ake ambiri a zigoba, n'kuziunjika mu genus imodzi yotchedwa Cancer, lomwe ndi liwu la Chilatini la nkhanu. Zinali ngati kulemba mudzi wonse kuti Banda. Zombo zitayamba kubweretsa nkhanu zachilendo kuchokera m'nyanja zakutali, mulu uja sukanakhalanso umodzi. M'chaka cha 1801 Jean-Baptiste Lamarck wa ku France anapatula nkhanu za minga pachigoba ndi miyendo yaitali n'kuzipatsa genus yakeyake, Maja.

Tsopano tifike ku Japan. Kwa zaka zoposa 200 dzikolo linali lotseka, ndipo mwa azungu onse amene ankaloledwa kuchita nalo malonda anali Adatchi okha, nawonso atatsekeredwa pa kachilumba kochita kupanga ka Dejima, padoko la Nagasaki. Madokotala amene ankatumizidwa kumeneko ndi amene ankatulutsa nkhani za zomera ndi nyama za dzikolo. Mmodzi anali Engelbert Kaempfer, Mjeremani amene anakhalako kuyambira 1690 mpaka 1692 nalemba zambiri za chilengedwe cha Japan. Wina, patapita zaka zoposa 130, anali Philipp Franz von Siebold, amene anafika mu 1823 n'kutumiza mabokosi ankhaninkhani a zinyama ndi zomera ku Leiden, m'dziko la Netherlands. Mkulu wa nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku Leiden anali Coenraad Jacob Temminck, munthu wodziwika kwambiri pa za mbalame. Iyeyu ndiye anafotokoza nkhanu yathuyi mwasayansi mu 1836, naiika mu genus ya Lamarck ija, naitcha Maja kaempferi pokumbukira Kaempfer, amene apa n'kuti atamwalira kalekale mu 1716. Kachilembo ka i kumapetoko ndi kachitidwe ka Chilatini konena kuti "ya Kaempfer".

Apa mtsikana uja anandidula mawu. "Nanga asodzi a ku Japan aja, aphunzitsi, si ndiwo anayamba kuiona?" Ndinavomera, chifukwa ndi zoona. Asodzi ankaidziwa, ankaikola, anali nalo dzina lake. Chimene Temminck anachita si kuitulukira, koma kuilembetsa mu kaundula amene wasayansi wa ku Lusaka, wa ku Lima ndi wa ku Tokyo onse angawerenge mofanana. Ulemu wa dzinalo unapita kwa mlendo amene anakhala m'dzikomo zaka ziwiri zokha, ndipo ine sindibisira ana kuti mbiri ya mayinawa ili ndi tsankho lotere. Koma kaundulayo ngofunika, ndipo ndi wathu tonse.

Dzina la Maja kaempferi linangokhala zaka zitatu. Mu 1839 Wilhem de Haan, amene ankayang'anira nkhanu ndi tizilombo ku Leiden komweko, anaipenda mofatsa naona kuti siyenerana ndi ma Maja, omwe ndi a zigoba zokhuthala zaminga ndi miyendo yochepera. Anaisamutsira mu genus ya Inachus, ya tinkhanu toonda ta miyendo ngati udzu, koma pozindikira kuti ngakhale kumeneko ikuoneka yachilendo, anaipangira kagulu kakekake mkati mwa Inachus n'kukatcha Macrocheira, kuchokera ku mawu a Chigiriki akuti makros, chachitali, ndi cheir, dzanja. Limenelo linali dzina lachiwiri. Mu 1886 Edward Miers wa ku London anakweza kagulu kaja kukhala genus yoima payokha, ndipo dzina lachitatu, Macrocheira kaempferi, ndi limene lilipo mpaka lero.

Taonani chimene sichinasinthe pa kusamuka konseku. Kutsogolo kunali Maja, kenako Inachus, kenako Macrocheira, koma kaempferi anangokhala chikhalire, ngati dzina la pamchombo limene munthu amayenda nalo kulikonse kumene wasamukira. Ndipo mabulaketi aja ndi chizindikiro cha ulendowu. Dzina la wofotokoza ndi chaka zikalembedwa poyera popanda mabulaketi, ndiye kuti chamoyocho chidakali mu genus imene anachiikamo poyamba. Zikatsekeredwa, ndiye kuti chinasamutsidwa. Tizizindikiro tiwiri tokha tikukuuza kuti usafunefune Macrocheira m'zolemba za Temminck, chifukwa sukaipeza, iye ankaidziwa ndi dzina lina. Mwanayo atamva izi anatsegula buku lake la bayoloje n'kuyamba kusakasaka mayina ena a mabulaketi. M'mabuku athu ambiri a kusukulu mzere umenewu amangoudula, ndipo ndimaona kuti amataya gawo lokoma kwambiri.

Zonsezi sizichitika mwachisawawa. Pali bungwe la International Commission on Zoological Nomenclature, lomwe linakhazikitsidwa mu 1895, ndipo lili ndi buku la malamulo a mayina a nyama. Limene likugwira ntchito pano linayamba pa 1 January 2000. Malamulo ake ndi ambiri, koma awiri ndiwo mizati. Loyamba likuti dzina limene linasindikizidwa poyamba motsata malamulo ndilo lenileni. Wina akadzafotokozanso nyama yomweyo mosadziwa n'kuipatsa dzina latsopano, dzina lakelo limagwa, ngakhale likhale lokoma bwanji. Lachiwiri, lomwe ine limandigwira mtima, likuti dzina lililonse liyenera kumangiriridwa pa chamoyo chenicheni chosungidwa, chimene amachitcha type. Ndi nkhanu inayake, youmitsidwa kapena yomizidwa mu spiriti m'botolo, yokhala ndi kapepala konena kumene inagwidwa, liti, ndi ndani. Pakabuka mkangano woti kodi nkhanu iyi ndi yomweyija kapena ina, anthu satsutsana ndi pakamwa. Amapita kukatsegula kabati n'kuyerekeza. Botolo lija ndi mboni imene siiwala ndiponso sisintha mawu.

Dziwani kuti bungweli siliuza asayansi kuti nyama iyi ndi m'bale wa iti. Limangoweruza za mayina. Nkhani ya chibale imasiyidwa kwa ofufuza, ndipo kumeneko ndi kumene nkhanu ya ku Japan yavutitsa anthu kwa nthawi yaitali.

Pamwamba pa genus pali banja, ndipo mayina a mabanja a nyama amathera ndi idae. Kwa zaka zambiri nkhanu zonse zonga akangaude zinali m'banja limodzi la Majidae, lomwe George Samouelle analitcha dzina mu 1819. Pambuyo pake banjali linagawidwa, ndipo gulu lonse pamodzi linakhala Majoidea, fuko lalikulu lokhala ndi mabanja angapo mkati. Macrocheira inaikidwa m'banja la Inachidae, motsatira maganizo akale a de Haan, chifukwa cha miyendo yoonda ija. Koma akatswiri ankadandaula kuti yakhala m'nyumba ya eni. Munthu angafunse kuti ankadziwira chiyani, poti miyendo ikufanana. Yankho lake ndi loti miyendo imanama. Zamoyo zosiyana makolo zikakhala m'malo ofanana, monga pamatope a pansi pa nyanja pomwe mwendo wautali umathandiza kusatitimira, zimatha kufanana thupi popanda chibale chapafupi. Ifenso kumudzi sitinena kuti anthu awiri ndi a bele limodzi chifukwa onse ndi aatali. Timafunsa kuti amayi ako ndani, agogo ako aakazi anachokera kuti.

Ofufuza nkhanu amafunsa mafunso otere m'njira zitatu. Amaitembenuza chagada n'kutsegula kamchira kamene kamapindikira kunsi kwa mimba. Mwa njira, kamchira kameneka ndi kamene kanapatsa nkhanu zenizeni dzina loti Brachyura, mchira waufupi. Pansi pake, yamphongo ili ndi tiziwalo tiwiri tolimba toperekera mbewu, totchedwa gonopod, ndipo kapindikidwe ka nsonga yake kamasiyana mtundu ndi mtundu, mwakuti nkhanu ziwiri zofanana kwambiri kumsana zimaululika pamenepa. Kachiwiri amayang'ana ana ake. Nthawi zambiri nkhanu ya m'nyanja yamchere siswa kankhanu koyenda. Imaswa timphutsi tating'onoting'ono toyandama m'madzi, totchedwa zoea, ta minga yaitali ndi maso aakulu, tosafanana n'komwe ndi mayi wake. Munthu amakhala pa maikulosikopu masiku ambiri akuwerenga titsitsi ta pakamwa ndi pamiyendo pa kamphutsi kochepa ngati njere ya mawere. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa ntchito ina imene mwambiwu umaiyenera kuposa iyi. Kachitatu, masiku ano, amayerekeza DNA, uthenga wa chibadwa umene chamoyo chimatengera kwa makolo ake.

Njira zitatu zonsezi zinaloza kumodzi: Macrocheira si wa Inachidae. Mu 2022 Danièle Guinot wa ku Paris, Peter Davie, Ling Ming Tsang ndi Peter Ng wa ku Singapore anasindikiza kafukufuku woipatsa banja lakelake. Ndipo apa lamulo loyamba lija linaonetsa mphamvu zake. Sanapeke dzina latsopano, chifukwa James Dwight Dana wa ku America anali atatchula kale gulu la nkhanuyi mu 1851, dzinalo n'kungogona m'mabuku osagwiritsidwa ntchito. Analidzutsa, ndipo banjalo ndi Macrocheiridae Dana, 1851. Mwa zamoyo za lero, m'banjali muli mtundu umodzi wokha, nkhanu ya pa foni ija. Abale ake ena amadziwika ndi zigoba zosanduka miyala basi.

Komabe idakali m'fuko la Majoidea, poti chibale n'fupa, sichiola. Zimene zimamanga fukoli ndi zosangalatsa kuzidziwa. Zambiri mwa nkhanuzi zili ndi titsitsi topindika ngati mbedza pachigoba, ndipo zimathyola ndere, masiponji ndi tizamoyo tina n'kumakoloweka pamenepo kuti adani aziona ngati mwala womera zomera. Ya ku Japan imachita zimenezi ikadali yaing'ono. Timphutsi tawo timadutsa masiteji awiri okha a zoea, pamene nkhanu zina zambiri zimadutsa ochulukirapo. Ndiponso zambiri zikafika pa msinkhu wobereka zimafundula chigoba komaliza, osadzafundulanso, kotero kuti mwendo ukaduka pambuyo pake sumeranso. Nkhanu ya m'madzi ozizira yotchedwa Chionoecetes opilio, imene imagulitsidwa kwambiri ku Canada ndi ku Japan, ndi ya fuko lomweli ngakhale dzina lake la pamsika silitchula kangaude. Pamene zimphona za ku Alaska zimene amazitcha king crab, zooneka ngati abale enieni, sizili ngakhale mu Brachyura. Ukaziwerenga miyendo yooneka umapeza isanu ndi itatu, iwiri yotsalayo ndi ting'onoting'ono tobisika pansi pa chigoba, ndipo abale ake apafupi ndi tinkhanu tija tokhala m'zigoba za nkhono.

Wina anganene kuti aphunzitsi, ife kuno nyanja yamchere tilibe, kuti ukaione uyenera kukwera TAZARA makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi mpaka Dar es Salaam, ndiye zikutikhudza bwanji kuti nkhanu yasamuka banja. Ndiyankhe ndi nkhanu ina, ya ku Ulaya, imene imadyedwa kwambiri ku Spain ndi ku France. Johann Herbst anaifotokoza mu 1788 ngati Cancer squinado, ndipo kenako inakhala Maja squinado. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti ndi mtundu umodzi kuyambira m'nyanja ya Mediterranean mpaka kugombe la Britain m'nyanja ya Atlantic. Mu 1922 Heinrich Balss anatcha za ku Atlantic dzina lina, brachydactyla, zala zazifupi, koma ambiri sanalilabadire. Mu 1998 Volker Neumann anapendanso zigoba ndi ma gonopod naonetsa kuti ndi mitundu iwiri, ndipo kafukufuku wa DNA wa mu 2008 anatsimikiza. Zotsatira zake si za pa pepala pokha. Ya ku Atlantic, Maja brachydactyla, ndi yochuluka ndipo asodzi amaikola yambiri. Ya mu Mediterranean, Maja squinado yeniyeni, yachepa kwambiri m'madera ena monga kuzilumba za Balearic. Zikakhala pansi pa dzina limodzi, kuchuluka kwa iyi kumaphimba kutha kwa inayo, ndipo wofuna kubwezeretsa nkhanu mu Mediterranean akhoza kukatenga za ku Atlantic akuganiza kuti akuchita bwino.

Ife izi tikuzidziwa ndi maso athu mu Kafue. Pa msika zonse timangoti buleya. Koma nsomba yathu ya madontho atatu, Oreochromis andersonii, ndi ina, ndipo Oreochromis niloticus imene inabwera ndi ulimi wa m'madamu n'kuthawira mumtsinje ndi inanso. Ziwirizi zimakwerana, ndipo yathuyo ikusungunuka pang'onopang'ono. Amene sasiyanitsa mayina awiriwa sangaone n'komwe kuti pali chimene chikutayika, chifukwa nsomba m'beseni zidakalimo.

Ntchito yosanja nkhanu ili kutali ndi kutha. Mu 2008 Ng, Guinot ndi Davie atalemba mndandanda wa nkhanu zenizeni zonse za padziko, anapeza mitundu 6,793, ndipo chiwerengerocho chakwera kuyambira pamenepo. Mu 2015 Ng ndi Bertrand Richer de Forges atabwerera ku genus yakale ya Lamarck ija, Maja, anatulutsamo ma genus atsopano 7 ndi mitundu yatsopano 17. Amene akufuna kudziwa dzina lovomerezeka lero amayang'ana pa intaneti mu World Register of Marine Species, kaundula amene amasungidwa ku Ostend m'dziko la Belgium, ndipo mwana aliyense wa ku Chawama amene ali ndi mabandulo angamutsegule kwaulere. Tinamutsegula masana amenewo pa foni ya amayi ake, ndipo anawerenga yekha dzina lakale la Temminck litalembedwa pansi pa latsopano.

Nkhanu zathu nazonso zili ndi nkhani zotere. Za m'mitsinje ndi m'madambo a Zambia ndi za banja la Potamonautidae, ndipo sizikhala ndi timphutsi toyandama: mayi amasunga mazira pansi pa mchira mpaka ataswa tinkhanu tathunthu. Ku Mpulungu, mu Tanganyika, muli nkhanu za genus ya Platythelphusa, ndipo mtundu wake woyamba, Platythelphusa armata, anaufotokoza Alphonse Milne-Edwards ku Paris mu 1887. Mabotolo a mboni a zamoyo zathu zambiri ali m'makabati a ku Ulaya. Zimandipweteka kuti mwana wa kuno amene angafune kutsimikiza dzina la nkhanu ya mumtsinje wa kwawo angafunike viza kuti akaone mboni yake, ndipo ndimalakalaka ana amene ndimawaphunzitsa adzadzaze makabati athuathu ku UNZA ndi ku Livingstone Museum.

Tchuthi cha mwezi wa Epulo chitatha, mtsikana uja anabwera ndi kabotolo ka pulasitiki kokulungidwa m'chitenje. Anali atapita kumudzi kwa agogo ake kufupi ndi Chipata, ndipo ana a kumeneko anamugwirira nkhanu pansi pa mwala mu kamtsinje ka kudimba. Anali ataimiza mu spiriti wogula ku famase. Tinaitulutsa, tinawerenga miyendo khumi, tinaitembenuza chagada. Kamchira kanali kopyapyala, ndiye kuti yamphongo, ndipo titakatukula ndi singano ma gonopod awiri anaonekera bwinobwino. Ndi zipangizo za m'kalasi mwathu tinafika pa banja, Potamonautidae, n'kuima pomwepo. Ndinamupatsa pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu spiriti, ndipo pa kapepala kolimba analemba dzina la mtsinje, dzina la mudzi, mfumu ya deralo, tsiku limene inagwidwa ndi dzina lake iye mwini. Mzere wa genus ndi species anausiya wopanda kanthu, n'kulowetsa kapepalako m'botolo.